Mtengo wa Josaia

Torika ankasoka malaya m'fakitale ina ku Nakasi, m'dziko lina la zilumba, pamsewu wochokera mumzinda wa Suva kupita ku Nausori. Anthu akumeneko sankamutchula dzina lake. Ankangoti mayi a Josaia, pakuti mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake woyamba, ngakhale mwanayo atagona kale kumanda.

Kuseri kwa nyumba yake kunali mitengo iwiri ya kokonati. Mchombo wa khanda ukagwa, bambo amakumba dzenje n'kuukwirira pamodzi ndi kokonati yophuka, kuti mwana asadzakule wosakhazikika, womangofunafuna chinthu chimene sachidziwa. Sekove, mwamuna wake, anakumba kawiri. Mtengo wautali unali wa Josaia, amene anamwalira ndi matenda a udzudzu chaka cha madzi osefukira, asanayambe sukulu. Anakamuika kwawo kwa bambo ake, pachilumba cha Kadavu, kutali kwambiri. Choncho pamene Torika ankasesa m'mawa uliwonse panali patsinde pa mtengowo.

Mtengo waufupi unali wa Litiana, amene anabadwa wosamva.

Pasukulu yapafupi aphunzitsi ankamukonda mtsikanayu, koma ankangomupatsa pepala kuti azijambula. Sukulu yophunzitsa kulankhula ndi manja inali mumzinda, ku Suva. Makolo ake anayesapo kumapita naye pabasi. Ankadzuka kusanache, n'kukaima mumzere wa magalimoto mpaka dzuwa kutentha, ndipo mwana ankafika n'kungogoneka mutu padesiki. Masiku a mvula yambiri sankafika n'komwe. Anasiya.

Mphepo yozizira ya mu Juni itayamba, Sekove anabwera ndi nkhani. Msuweni wake ankayembekezeka kuchoka kumapeto kwa chaka m'nyumba yosanjikizana ku Toorak, pafupi ndi sukuluyo, ndipo iwo akanatha kulowamo. Zipinda ziwiri ndi kakhonde, m'mwamba.

"Mayi a Josaia, mwana azidzapita wapansi kusukulu," anatero.

"Nanga chinangwa ndizikadzala pati? Padenga?"

"Chinangwa chimapezeka kumsika."

"Inu amene simunagulepo ngakhale anyezi? Msikawo mukudziwa kumene uli?"

Sekove anaseka pang'ono, kenako anayang'ana pazenera. "Ndikudziwa kuti si chinangwa mukunena."

"Ndiye musandifunse."

"Mtengo sungakwere basi, amayi. Wamoyoyu akudikira."

Torika anapitiriza kupala kokonati.

Mango anapsa, mvula inabwera, udzudzu unachuluka. Litiana anatentha thupi. Kuchipatala namwino anafunsa kuti akumva kupweteka pati, ndipo mwana anangoyang'ana milomo ya amayi ake, misozi ikutsika. Torika analoza mutu, analoza mimba, analoza miyendo. Mwana ankangovomera zonse. Josaia, pamene ankadwala, ankatha kunena kuti mutu. Uyu analibe ngakhale mawu amodziwo.

Litiana anachira. Ali m'basi yobwerera kwawo, Torika anauza mwamuna wake kuti, "Muwauze asuweni anu tikubwera."

Nyumba anagula ndi bambo wina woyendetsa takisi. Torika anamutengera kuseri n'kumuuza za mitengoyo. "Musadandaule, mayi," anatero bamboyo, maso ali poti azidzaimika galimoto. Tsiku losamuka, Torika anatola kokonati imodzi yophuka pansi pa mtengo wa Josaia n'kuiika m'ndowa ya dothi lofiira la pomwepo. Anaikweza yekha masitepe onse, n'kukaikhazika pakhonde.

Ku Toorak anthu a m'nyumba zoyandikana ankamupatsa moni bwino. Ankati mayi a Liti, chifukwa ndi mwana amene ankamuona. Poyamba Torika sankatembenuka. Kenako anazolowera.

Nyengo ya namondwe itayandikira, anakwera basi kukaona anzake ku Nakasi. Asanafike n'komwe, mayi wa nyumba yapafupi anamuitana ali pachingwe choyanikapo zovala.

"Mayi a Josaia! Mwayera bwanji, anthu a mumzinda. Dothi mukulikumbukabe?" Kenako anatsitsa mawu. "Musapite kuseriko, asisi. Bwerani mumwe tiyi."

Torika anapita. Mitengo yonse iwiri inali itadulidwa. Kokonati inagwera takisi, anatero mnzakeyo, komanso bamboyo ankaopa mphepo. Pamene iye ankasesa anali atathirapo simenti. Anaima pamenepo mpaka mvula itayamba kuwaza, ndipo tiyi sanamwe.

Kokonati ya m'ndowa inatulutsa masamba, mizu inang'amba ndowa, masamba anayamba chikasu. Mtengo wotere sukhala m'mwamba. Torika ankadziwa, koma ankathirirabe.

Madzulo ena Litiana, amene manja ake tsopano sankapuma, anamupeza pakhonde. Analoza ndowa n'kufunsa ndi manja: ichi n'chiyani? Torika anali ataphunzira zizindikiro zochepa, zala zake zozolowera singano zikuchedwa. Anaonetsa: mchimwene. Wako. Anagona. Dzina lake sankadziwa kulionetsa.

Mtsikanayo anaganiza kanthawi. Kenako anaimika mkono, natambasula zala, naugwedeza pang'onopang'ono ngati mtengo pamphepo. Analoza amayi ake kuti nawonso achite.

Mphepo yozizira itabweranso, kokonati ija inauma, ndipo Sekove anatsika nayo ndowa. Torika akusokabe malaya, tsopano mumzinda. M'mawa, akamaperekeza Litiana pachipata cha sukulu, nthawi zina amaimika mkono n'kuugwedeza, mwana n'kuyankha chimodzimodzi. Ku Suva konse, amene amadziwa dzina la m'manja la Josaia limenelo ndi iwo awiri ndi Sekove.