Maliro amene tidapitako osaitanidwa

Ndinali ndi zaka khumi pamene ine ndi agogo tidasamukira kudera la alimi kumpoto kwa mzinda wa Oshawa, ku Canada. Makolo anga anali atamwalira, ndipo agogo, amene ankandilera, adapeza ntchito panyumba yosamalira okalamba. Sukulu yapafupi inali yaing'ono, yoyendetsedwa ndi makolo eni ake. Mwana wakuda ndinali ndekha.

Adandilandira bwino. Sabata yoyamba yomweyo adandijambula, chithunzi nkuchipachika pakhomo la sukulu, ine ndili pakati pa ana achizungu, tonse tikumwetulira. Koma nthawi ya chakudya ndinkakhala ndekha pafupi ndi zenera, ndikuyang'ana minda. Palibe ankandinyoza, palibenso ankandiitana. Ndidayamba kuwapempha agogo kuti tichokeko.

Chisanu chitafika, bambo a Megan, mtsikana wa m'kalasi mwathu, adamwalira. Aphunzitsi adatiuza kuti tisaine khadi la chipepeso. Nditawafotokozera agogo, adangomanga chitenje pamwamba pa jekete.

"Agogo, kuno sapita kwa eni ake osaitanidwa," ndidatero.

"Pamaliro amaitana? Iwe, vala nsapato."

Njira yonse ndinkapemphera kuti galimoto ife. Ndinkaopa kuti kusukulu, kumene ankangondiiwala, tsopano azikandiseka.

Mayi a Megan adatsegula chitseko maso ali psuu, ali odabwa. M'nyumba munali zii. Pakhonde panali maluwa ndi chakudya chimene anthu adasiya nkubwerera. Agogo adavula nsapato, nkukhala pansi atatambalala, mipando ili apo yopanda munthu. Manyazi adandigwira. Patapita nthawi adadzuka kukatsuka mbale za eni nyumba, nkubwereranso pamalo pawo.

Megan anali pamasitepe atakumbatira chipewa cha bambo ake chonunkha dizilo. Ndidakumbukira mmene anthu ankandifunsira mafunso amayi atamwalira, ndi mmene ndinkafunira atangokhala chete. Ndidakhala pambali pake osanena kanthu mpaka miyendo idachita dzanzi.

"Agogo ako akudikira chiyani?" adandinong'oneza m'Chingerezi.

"Palibe. Abwera kudzakhala nanu."

Titasuzumira, tidaona mayi ake nawonso ali pansi, mutu atautsamira paphewa la agogo, akulira mokweza ngati munthu amene wapatsidwa chilolezo.

Megan adabwerera kusukulu patatha sabata. Nthawi ya chakudya adayenda molunjika kuzenera kuja, nkundigunda ndi chigongono. "Sendera," adatero. Za kuchoka sindidazitchulenso.

Lero ndimagwira ntchito ku Toronto, ndipo ndimamva anthu akutsutsana za mmene sukulu za kumidzi zingasakanizire ana a mitundu yosiyana. Sindinyoza amene adanditsegulira chitseko cha sukulu ija. Popanda iwo Megan sindikadamudziwa. Koma ndidazindikira kuti kuika ana m'kalasi imodzi ndi chiyambi chabe. Pachithunzi paja ndinali pakati pa anzanga, koma ndili mlendo. Ndidakhala wapamalopo tsiku limene tidalowa m'nyumba yachisoni osaitanidwa, nkukhala pansi.