Chipinda cha Kuseri cha aNjereza

Akulu anga, amene ndinapondana nawo, anthu ankawatchula kuti aNjereza. Dzinali linabwera chifukwa cha manja awo. Chaka ndi chaka, mvula ikangokata, ankasungunula njereza m'ndowa n'kupaka makoma onse a nyumba ya pafamu imene ankagwirapo ntchito, ndipo njerezayo inalowerera m'ming'alu ya zala zawo mpaka sopo anailephera. Ukawapatsa moni wa m'manja unkangomva ngati wagwira khungwa la mtengo.

Anapita kufamuko akadali mtsikana, mwamuna wawo atamwalira osawasiyira mwana, ndipo anakhalako zaka makumi anayi ndi mphambu zingapo. Nyumbayo inali yanjerwa, yaitali, ya makonde awiri, yopanda siling'i. Ukakweza maso unkaona mitanda ya tsindwi, imene kukhitchini inali itada bii ndi mwaye. Pakati pa khitchinipo panali tebulo lalikulu la matabwa ochindikala, lodzaza zipsera za mpeni, ndipo pakona pake panali bala lakuda pamene akulu anga anatulapo poto wamoto chaka chimene anafika. Makatani anasoka okha ndi matumba a ufa, atawawiritsa ndi kuwayanika padzuwa mpaka malemba ake anazilala, ngakhale sanafufutike onse. Pa alumali panali makapu ndi majagi achitsulo, oyera, a mkombero wabuluu, osupuka m'milomo.

Zinthu zimenezi akulu anga ankachita nazo manyazi. Mwini famu anali nkhalamba youma manja, ndipo mawu ake anali amodzimodzi: "Chimene chikugwirabe ntchito musachikhudze." Chimene ankaloledwa chinali njereza basi. Ndiye ankapaka ndi mtima wonse, ngati munthu wovala malaya oyera pofuna kubisa nsapato zong'ambika.

Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi, kunali kachipinda kawo. Munali bedi lachitsulo, mpando umodzi, ndi zenera laling'ono loyang'ana mtengo wa mandimu. Ndikapita kukawaona ankandiloza chitseko chake chopendekeka n'kumati, "Ndikadzatsinzina mudzanditulutsire pakhomo ili. Kwina kulikonse ndine mlendo."

Nkhalamba ija itamwalira, famu inatsala m'manja mwa mwana wake wamkazi, amene akulu anga anamulera kuyambira ali khanda. Iye anali atakwatiwa m'tauni. Maliro atatha anayendayenda m'zipinda zonse za nyumba yaikulu akujambula ndi foni, kenaka anakhala patebulo lija n'kufotokoza maganizo ake. Nyumbayo inali yoti isanduke yogona alendo, anthu a m'tauni otopa ndi phokoso. Anati pakatha mwezi abwera ndi mayi wina wodziwa kukongoletsa nyumba.

"Nanga ine, mwana wanga?" anafunsa akulu anga.

"Bambo a kunyumba akufuna kubweretsa antchito awo, achinyamata," anayankha. "Koma ndawauza kuti palibe wodziwa nyumba ino kuposa inu. Wokongoletsayo akadzaona mmene mumaisamalirira, nkhani idzatha yokha, ndipo chipinda chanu chidzakhalabe chanu. Musavutike ndi kanthu, amayi. Muzingosesa."

Mawu otsirizawo akulu anga anawamva bwino lomwe, koma anangoti mwanayo wawalemekeza poona imvi. Ndani amalandira mlendo wa m'tauni patebulo lopserera? Ntchito yawo ndi pogona pawo zinali m'maso mwa mayi ameneyo, ndipo iwo anatsimikiza mtima kuti masowo asadzaone chinthu chakutha ngakhale chimodzi. Ananditumizira uthenga, ine ndinapita.

Ndinapeza khola la nkhuku zawo lili pululu. Zonse anali atazipereka kwa mwini sitolo ya pamsewu, posinthana ndi zitini za penti, nsalu ya lesi yonyezimira, makapu agalasi ndi maluwa apulasitiki. Ndinawapeza ali pamwamba pa makwerero, mpango uli kumutu, akupala mwaye pamitanda.

"Achemwali, pamsinkhu wanuwu? Mukagwa atole mafupa ndani?"

"Utola ndiwe, sunabwere kudzaonerera. Gwira makwererowo, usiye kulongolola ngati wailesi."

Tinagwira masabata atatu. Mitanda tinaipala, tinaitsuka, tinaipaka njereza mpaka inayera mbee. Khoma limodzi la m'chipinda chochezera, limene pulasitala wake anagwa kalekale n'kusiya njerwa poyera, tinalimata. Tebulo analisiyira kumapeto. Anasakaniza utuchi ndi guluu n'kumata chipsera chilichonse, chimodzichimodzi, akung'ung'udza kanyimbo. Pa bala la poto anaimapo kanthawi.

"Ili ndinatukwanidwa nalo mwezi wathunthu," anatero. "Lero ndilikwirira."

Analipaka penti yabuluu katatu, mpaka munthu unkadziona nkhope.

Makapu ndi majagi akale anati ndikataye kudzala. Ndinali nditasenza kale dengu pamene anandiitana. "Tadikira. Jagi lalikululo ndinkamusambitsira mwana uja." Analandira dengu lonse n'kupita nalo kuchipinda kwawo. Makatani a matumba nawonso anawamvera chisoni: limodzi anapachika pazenera lawo, ena anayala pabedi. Penti ndi njereza zinatha tisanafike kuchipinda chimenecho.

"Zilibe kanthu," anatero. "Mlendo sazungulira kuseri."

Anafika m'mawa wa Lachiwiri, atatu: mwana uja, mwamuna wake, ndi wokongoletsa. Ameneyu anali mayi wochepa thupi, wa magalasi aakulu, tepi yoyezera ili m'khosi. Anatipatsa moni mwaulemu, manja awiri. Akulu anga anali atavala diresi lawo la kutchalitchi. Anatsegula chitseko cha khitchini n'kuima pambali, chibwano chili m'mwamba.

Wokongoletsa analowa masitepe awiri n'kuima. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana mazenera, kenaka anatulutsa foni n'kuyang'ana zithunzi zija zojambulidwa maliro atatha.

"Tebulo lili pachithunzi apali lapita kuti, agogo?"

"Ndi lomweli, mayi. Ndalipaka katatu."

Mayiyo anakanda pentiyo ndi chikhadabo. Mwana uja anagwira pakamwa.

"Amayi, mwachita chiyani?"

Mwamuna wake anaseka, kuseka kwa munthu amene mlandu wamukomera. "Ndinanena ine. Taonani, ngati podikirira odwala kuchipatala. Kwangotsala sikelo yoyezera ana."

Wokongoletsa anamuyang'ana mpaka anasiya. Kenaka anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi akulu anga.

"Agogo, mwagwira ntchito yaikulu, ndikuiona. Koma anthu amene azidzagona muno, zonyezimira amazisiya kwawo. Amabwera kudzaona mwaye, chipsera, thabwa lodyeka ndi zigongono. Ine ndili ndi kalipentala amene ntchito yake ndi kukwapula matebulo atsopano ndi tcheni kuti aoneke okalamba, koma diso limadziwa. Lanuli linali lenileni."

"Kukwapula tebulo?" anatero akulu anga. "Lalakwanji?"

Palibe anaseka. Iwo anayang'ana manja awo, kenaka anati, "Ndipala. Ndili ndi magalasi osweka, ndipala lonse."

"Penti ichoka," anayankha mayiyo, "koma guluu walowa m'zipsera. Ndipo mwaye wa zaka makumi anayi ndiutenga kuti?" Anapukusa mutu akuyang'anabe foni. "Nanga majagi awa, ndi makatani a malembawa? Munataya?"

Apa nkhope ya akulu anga inawala. Anaona kuti kakhomo katsala kotsegula. "Ayi, mayi, zilipo! Zonse zilipo. Tiyeni mukaone."

Anatsogola okha, mofulumira, diresi likukupiza. Ine ndinali pambuyo, ndipo ndisaname, nanenso ndinkati tapulumuka. Tinazungulira thanki ya madzi, iwo anakankha chitseko chopendekeka chija.

Dzuwa linali likulowa kudzera m'katani la thumba, chipinda chonse chili ndi kuwala kofewa ngati mkaka. Njereza ya chaka chatha inali itasupuka mwina ndi mwina, njerwa zikusuzumira. Majagi anali atandandalikidwa pathabwa la pamwamba pa bedi, ndipo m'jagi lalikulu lija munali kanthambi ka mandimu kamene anathyola dzulo lake chifukwa cha fungo. Pansi panali kachiguduli koluka ndi nsanza za madiresi awo akale. Ndinazindikiramo nsalu ya diresi limene anavala pa ukwati wanga.

Akulu anga anatambasula dzanja kuti atsitse majagi.

"Musakhudze!" anatero wokongoletsa. "Chonde, agogo, musakhudze kanthu." Anaima pakhomo, mawu ake atatsika ngati ali m'tchalitchi. "Ichi ndiye chipinda. Anakonza muno ndani?"

"Palibe anakonza, mayi. Ndimangogonamo."

"Chithunzi choyamba chidzakhala chimenechi. Anthu adzachilimbirana."

"Ndiye tiyambira chomwechi," anatero mwamuna uja. "Nyumba yaikuluyo itenga miyezi kuti ibwerere mwakale."

"Koma muno amagonamo amayi," anatero mwana uja.

"Nanga waononga kwinako ndani?" anayankha mwamunayo.

Mwanayo anayang'ana pansi. Ndinamuona akulimbana ndi misozi, ndipo ndinadikira kuti anene mawu amodzi okha. Sananene. Wokongoletsa anali atayamba kale kuyeza zenera ndi tepi yake. Sindikhulupirira kuti anamva n'komwe zimene zinkakambidwa kumbuyo kwake. Sanali munthu woipa. Anali ataona chinthu chokongola, ndipo kunena zoona, chinalidi chokongola. Ine ndinali nditalowa m'chipinda chimenecho kambirimbiri osachiona.

Masana mwana uja anatipeza pakhonde. Anagwada, anagwira manja a akulu anga, manja oyera m'ming'alu aja. "Mukapumeko kaye kwa amayi aang'onowa. Tikamaliza kukonza ndidzakuitanani."

"Chabwino, mwana wanga."

"Tengani chilichonse chimene mukufuna. Ngakhale jagi lija."

"Lisiye. Lingaononge chithunzi."

Sananene mokwiya. Analongedza zovala zawo m'sutikesi, n'kutenga bulashi yawo ya njereza, ya chigwiriro chodyeka pamene pankakhala chala chachikulu. Bedi, mpando, chiguduli, zonse zinatsala mmene zinalili. Potuluka anakweza chitseko pang'ono kuti chitsekeke, monga ankachitira masiku onse, kenaka anabwerera kukamuuza wokongoletsa kuti chimafuna kukwezedwa.

Kwathu anakhala madzinja awiri. Nyumba yanga ndi ya lendi, makoma ake ndi a penti, ndipo mwini wake salola kuti munthu apakepo kanthu. Mvula itakata chaka choyamba ndinawaona akuyendayenda m'chipinda, akusisita khoma ndi chikhatho, kufunafuna posupuka. Panalibe. Pang'ono ndi pang'ono njereza inachoka m'zala zawo, manja anafewa, anakhala ngati a munthu wina. Galimoto ikaima pamsewu ankatukula mutu. Uthenga sunabwere, ndipo iwo sanamutchule mwana uja moipa ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku lina mwana wanga wamkazi anabwera ndi foni. "Amayi aakulu, si kwanu uku?" Chinali chipinda chija. Bedi lomwelo, majagi omwewo, kanthambi ka mandimu m'jagi lalikulu. Pansi pake panalembedwa kuti malo ndi odzaza mpaka chaka chamawa.

Anayang'ana nthawi yaitali, foni ataiyandikiza kumaso.

"Katani apachika motembenuza," anatero. "Malemba ndinkawalozetsa kunja, kuti wolowa asawaone."

"Amachita dala, amayi aakulu. Anthu amakonda malembawo."

Anabweza foni n'kupukuta manja pachitenje, ngakhale panalibe chopukuta.

Anatisiya m'nyengo yozizira, m'mawa, nditangowapatsa madzi osamba. Tinawatulutsira pakhomo langa, la chitseko chowongoka bwino. Bulashi ija ikadali pamsomali kuseri kwa chitsekocho. Ubweya wake unauma gwa, ndipo ndikatseka mwamphamvu imagwetsa kafumbi koyera pansi. Ndimakasesa, koma osati tsiku lomwelo.