Chisekese ndi Kathumba Kake

Achemwali anga ndi telala, ndipo pakamwa pawo pamathamanga kuposa makina awo. Amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wogulitsa makala. Mzere wonsewo umawatchula kuti Chisekese. Dzinali linayamba ngati chipongwe chaka chimene anayamba kumwa ma ARV, chifukwa botolo la mankhwalawo linkalira m'chikwama akamayenda: seke, seke, seke. Ine manyazi ankandigwira mpaka ndinkatsogola ngati sindikuwadziwa. Iwo anangoitana wolemba zikwangwani, nalembetsa dzinalo pakhoma pamwamba pa makina.

Loweruka masana, amayi ndi atsikana amadzaza khondelo. Amaphunzira kudula nsalu, komanso zimene kwawo anthu amazilankhula mozungulira. M'chitini cha mabatani mumakhala makondomu, ndipo aliyense amadziwa kuti wopempha batani lalikulu sakufuna batani. Ndi pomwepo pamene achemwali anazindikira kuti anzawo ambiri amasiya mankhwala chifukwa choopa phokoso la botolo. Anayamba kusoka timatumba ta zidutswa za nsalu, mkati atayalamo thonje ndi pulasitiki, totha kubisika m'kamisolo. Mapiritsi ankagona mmenemo ziii. Ntchito imeneyi ankainyadira kwambiri.

Kathumba kena anasokera mwana wa malemu mnzawo, amene anamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu. Mtsikanayu anabadwa nako kachilombo. Timamutchula kuti Dokotala, poti ndiyo ntchito imene amailota, ndipo mutu wake ndi wogwiradi. Atasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, ananyamula kathumba kake kofiira.

Teremu isanathe tinangomuona watulukira ndi sutikesi, milomo itauma. Anzake a m'chipinda anapeza kathumbako pansi pa pilo, nakuwa kuti ndi chithumwa, ati ndiye chifukwa chake amakhoza masamu. Anakaponya m'chimbudzi osakatsegula n'komwe. Iye anasankha kutchedwa mfiti kusiyana ndi kuulula, ndipo anakhala milungu itatu osamwa mankhwala. Tsopano sukulu inkafuna kumuchotsa, ndipo kalata inaitana womulera.

Achemwali anayamba apita naye kuchipatala. Pobwerera sanakhudze makina. Anandiuza kuti, "Ndamusokera manyazi mwana uyu, ndi ulusi wanga womwe." Sindinawaonepo atasweka mtima chonchija, ndipo ine zinandiwawa. Dokotala anapempha chinthu chimodzi: "Azakhali, chonde, musakanene za ine." Iwo analonjeza.

Ndinawaperekeza tsiku la mlandu. Ofesi ya ahedi inali yothina, makapu a mpira atafola pamwamba pa kabati, fani yakufa ikulendewera kudenga. Munali ahedi, ametroni, ndi bambo wina wa mimba yake, wapampando wa komiti ya makolo. Dokotala anakhala pakona, maso ali pansapato.

"Mayi, sukulu ino si ya ziwanda," anayamba wapampandoyo. "Tiuzeni, munali chiyani m'kachinthu kaja?"

"Munakatsegula?" anafunsa achemwali.

"Ndani angatsegule zoterozo?"

"Ndiye mwaweruza mlandu wa kathumba kamene simunakaone mkati? Sukulu yonseyi, ndi labu yanu yomwe?"

Ametroni anatsokomola. Wapampando anafufuma, nati mayi ameneyu alibe ulemu. Ndinawakanda achemwali pantchafu kuti aziziritse, koma anandichotsa dzanja ngati ntchentche.

"Kathumba kaja ndinasoka ndine. Ngati ndi ufiti, mfiti yake ndi ino. Za mwanayu sindinena, ndinena zanga." Anapisa m'chikwama, natulutsa botolo lawo, naligwedeza pamwamba pa tebulo la ahedi. Seke, seke, seke. "Mukulimva? Zaka khumi ndi zinayi ndikumwa. Ndakwirira anzanga amene ankaopa kulira kwa botolo ili kuposa imfa. Timatumba timeneti ndasoka tosawerengeka, ndipo tina timalowa pageti lanuli m'mawa uliwonse, m'matumba a anthu ovala mataye. Sinditchula munthu. Koma mukathamangitsa mwanayu, mukonzeke kuthamangitsa ambiri."

Wapampando anayang'ana ahedi, ahedi anayang'ana fani. Ndiye kukona kuja kunamveka mawu, aang'ono koma osanjenjemera.

"Anali mankhwala anga, aphunzitsi. Ndinabadwa nako. Masamu ndimakhoza chifukwa ndimawerenga."

Ine misozi inangotsika, sindibisa. Achemwali sanalire. Anatembenukira kwa ahedi nati, "Mwamva. Tsopano funso ndi langa: mwana akudwala m'manja mwanu milungu itatu, inu munali kuti?"

Ahedi anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. Kenako anati mtsikanayo abwerere m'kalasi Lolemba, ndipo zimene zanenedwa zitsale m'chipinda momwemo. Wapampando anayesa kunena zoti komiti iyambe yakhala pansi, koma palibe anamuyankha. Achemwali sanakhutire. Anati abweranso ndi namwino kudzalankhula ndi atsikana onse a sukuluyo, ndipo ahedi asankhe okha tsiku. Analisankha.

Lamlungu madzulo tikulongedza sutikesi, achemwali anatulutsa kathumba katsopano, kobiriwira, kosokedwa mwaluso kuposa koyamba kaja. Anakaika m'dzanja la Dokotala. Iye anakatembenuza kawiri, nakabweza pamakina.

"Mupatse wina amene akufunikabe, azakhali. Ine mankhwala anga ndipatseni m'botolo lake momwemo."

"Likakulirira m'chipinda, mwana iwe. Akakupatsa dzina."

"Dzinalo ndikulidziwa kale," anayankha. "Lili pakhoma panu."

Lolemba m'mawa tinamuperekeza kokwerera basi. Ankayenda patsogolo pathu, chikwama chili kumsana, ndipo phazi lililonse limene ankaponda, botolo linkayankha. Anthu ena anacheuka. Ulendo uno sindinatsogole, ndinayenda pambali pa achemwali anga mpaka pasiteji.