Chitseko cha Sho ya a Mbewe

"Bambo, chitseko ichi sichidzatsekedwa ine ndili moyo."

Mawu amenewa anawalankhula Filomena Mbewe m'chaka cha 2009, atagwada pakhonde la vidiyo sho ya bambo ake pa msika wa Mkanda, ku Mchinji. A Vitus anali atatheratu ndi matenda, koma m'mawa uliwonse ankapempha kuti awakhazike pakhomopo, azimva zibakera za m'filimu ndi kuseka kwa anthu.

"Walonjeza, Nambewe?"

"Ndalonjeza."

A Vitus anamwalira mtedza usanakumbidwe.

Inu amene mwafooka lero, taonani pamene mtsikanayu anayambira. Mayeso a Fomu 4 anali atalephera, ndipo chinamugwetsa ndi Chingerezi. Amayi ake anali atatsogola kale. Chuma chamasiye chonse chinali TV yolemera ngati thumba la feteleza, deki ya ma DVD, jenereta yotsokomola ndi mabenchi a bulugamu.

Amene sanalowepo m'sho za masiku amenewo sadziwa chimene tinataya. Munkakhala mdima masana dzuwa likuswa mtengo, fungo la thukuta ndi nzimbe, anthu akukuwira wosewera kuti "Kumbuyo kwakoko!" ngati awamva. Mlimi wa fodya ndi wakabaza ankaseka nthawi imodzi. Lero aliyense ali weramu pafoni yake, kuseka yekha ngati wobwebweta ndi malungo.

Koma shoyo inali ya a Vitus. Mwini wake atapita, anthu anayamba kuthothoka. Tsidya la msewu kunatsegulidwa ina, ya sikirini yaikulu ndi mpira wa kunja. Tsiku lina Filomena anaonetsa filimu yonse kwa munthu mmodzi. Munthuyo anali atalowa kudzausa mvula, ndipo anagona filimu isanafike pakati.

Amalume ake anabwera pa njinga.

"Mwana wanga, tseka ichi. Nyumba yabwinobwino ngati iyi, tizisungamo mtedza. Iwe ukwatiwe."

"Ndinalonjeza, amalume."

"Unalonjeza munthu wodwala. Akufa sadya mafilimu."

Filomena anakaliza jenereta.

Ogulitsa madisiki ochokera ku Chipata akafika, mafilimu atsopano a nkhondo ankathera kwa anzake a tsidya aja. Iye ankatola zotsala: masizoni a ku Korea ndi makatuni a ku Japan, aja achinyamata amati anime. Palibe ankawafuna. Chinenero chake sichinkamveka, ndipo tanthauzo linkalembedwa m'munsi mwa sikirini, m'Chingerezi chomwe chija chinamugwetsa.

M'mawa uliwonse asanatsegule, ankakhala yekha pabenchi, rimoti m'manja. Ankaimitsa filimu, n'kuwerenga, n'kubweza, n'kuwerenganso, mpaka chiganizo chitalowa m'mutu. Kenaka anabwereka maikolofoni kwa a kwaya, n'kuyamba kumasulira anthu akuonera.

Poyamba ankamasulira liwu ndi liwu, ngati akuyankha mayeso. Anthu ankayasamula.

Ndiye tsiku lina pa sikirini panaoneka mfumu itavala silika, ikukalipira mwamuna wa mwana wake. Mawu anathamanga, Filomena sanawagwire. Pakamwa pake panangotuluka zimene ankamva kumudzi kuyambira ali mwana:

"Iwe mkamwini! Dzuwa lafika pamutu iwe uli m'bulangeti? Unabwera kudzalima kapena kudzanenepa pamudzi pano?"

M'sho monse munali phwete. Bambo wina, amene anali pa chikamwini chaka chachitatu, anaseka mpaka kutsika pabenchi.

Kuyambira pamenepo, mafumu a ku Korea anayamba kudandaula za feteleza. Zimphona za m'makatuni zinkaopsezana kuti zikumana pa dambwe. Filomena yekha ankalankhula mawu a nkhalamba, a mwana, a mfiti ndi a galu yemwe. Mabenchi anadzaza.

Koma anadzaza ndi amuna okhaokha. Ku Mkanda, mayi wodzilemekeza salowa m'sho. Azimayi a tomato ndi a zitumbuwa anangosendeza malichero awo kufupi ndi khoma, kumamvetsera pa sipika ya panja.

Tsiku la msika, mayi Consolata, mkulu wa amayi a mpingo, anamukoka chitenje.

"Nambewe, tandiuza. Mkazi wachiwiri uja anathiradi mankhwala m'tiyi muja?"

"Lowani mukaone nokha, amayi. Malo ndikusungirani kutsogolo."

"Ine? M'sho? Mawa lomwe dzina langa lili kwa abambo mfumu! Tatha mwezi tikumva mawu okha, nkhope ya mfitiyo sitikuidziwa. Tiikire mawu akowo m'kanthu, tikaonere kunyumba ngati anthu."

Filomena anayang'ana mzere wa azimayi aja. Anali ambiri kuposa amene ankakwana pamabenchi ake.

Anapita ku boma, kumene achinyamata amaika nyimbo m'mamemore khadi, n'kupempha kuti amuphunzitse kompyuta. Anamuseka, koma anamuphunzitsa. Sizoni yake yoyamba inali yomvetsa chisoni. Mawu ankatsalira m'mbuyo mwa zithunzi, ndipo pakati pa nyumba yachifumu pankalira tambala wa kwa aneba.

"Mwana wanga," anatero mayi Consolata pobweza khadi lija, "munthu amuika kale m'manda, koma malemu akulankhulabe. Kakonze."

Anakakonza. Anakhoma ziguduli m'zipupa kuti tambala asalowerere. Anajambula, kufufuta, kujambulanso, mpaka mawu anayamba kugwa ndendende pamilomo. Pakhosi pankasasa, iye n'kumwa madzi a mandimu, n'kupitiriza.

Lero funsani ku Mchinji kuti sizoni yatsopano yatuluka liti, akuuzani kuti dikirani ya Nambewe. Filimu ikangotuluka kunja, iye amakhala nayo pansi, ndipo pofika Lachisanu akabaza amakhala atanyamula makhadi kupita kwa Zulu, kwa Mavwere, ena mpaka kuwoloka malire. Amalonda a ku Chipata amene ankamutayira zotsala aja tsopano amamuimbira okha: "Ba sisita, manje ya Chichewa ituluka liti?" Ali ndi shopu ku boma, nyumba ya malata, ndi atsikana amene akuwaphunzitsa ntchitoyi. Mabanja amazungulira foni imodzi pakhonde, agogo ndi adzukulu, ndipo mayi Consolata nkhope ya mfiti ija anaiona.

Amuna nawo anazindikira kuti khadi limalowa m'thumba la malaya.

"Lero simulowa, achimwene?" Filomena anafunsa mmodzi wa iwo.

"Ayi asisi, ingondiikirani ya sabata ino. Madamu akudikira, ati ndikaonera ndekha ndikagona panja."

Mmodzimmodzi anasiya kubwera. Filomena ankapalasabe njinga kudzatsegula sho, kusesa, kuliza filimu. Mawu ake ankamveka m'nyumba iliyonse ya ku Mkanda, koma m'chipinda chimene anayambira ankalankhula kwa mabenchi. Kenaka chiswe chinayamba mabenchiwo.

Inu amene mayeso anakukanani, inu amene mumatola zotsala za anzanu, kumbukirani mtsikana uyu, rimoti m'manja, akulimbana ndi chiganizo chimodzi m'mawa wonse. Chimene chinamugwetsa m'kalasi ndicho chikumudyetsa lero. Ngati mawu anu akutsalira m'mbuyo, kakonzeni. Ngati akusekani, asekeni nawo, koma mawa mudzuke. Osataya mtima, abale anga.

Chaka chatha, mtedza utakumbidwa, Filomena anagula loko pa msika wa Mkanda. Anatulutsa TV ija, amalume ake analowetsa matumba, ndipo iye mwini anatseka chitseko.