Woyimba Wathu wa ku Zambia

Masiku ano pasenta pathu aliyense ndi m'bale wake wa woyimba uja. Chiyambireni mawayilesi a ku Lilongwe kumutamanda, nyimbo yake ikangolira, wometa wa pafupi ndi khonde langa amaimitsa makina pamutu pa munthu n'kukweza chala. "Mwana wathu ameneyo, wa konkuno ku Mchinji," amatero. Wokazinga chipisi akuti ankasewera naye mpira. Mayi wina wa m'kwaya akuti ndi iye anamuphunzitsa kutulutsa mawu. Ine ndimangoponda makina anga osokera, chifukwa anthu amenewa ndimawadziwa bwino. Ndinalipo tsiku limene anamutulukira m'holo.

Woyimbayo ndinakula naye pa esiteti ya fodya chakumtunda kwa Ludzi. Makolo anga anachokera ku Ntcheu, amayi ake anachokera ku Phalombe, ndipo tonse tinali ana a matenanti. Anthu a m'midzi yozungulira anali ndi dzina limodzi la ife tonse: obwera. Ukhoza kubadwira pomwepo, kubatizidwa pomwepo, kuphunzira sukulu imodzi ndi ana awo, koma tsiku lokangana pa mjigo amakukumbutsa kuti ndiwe wobwera. Ine ndinakwatiwa m'mudzi momwemo, ana anga ndi akuluakulu tsopano, koma nkhani ya munda ikangobuka mawuwo amatulukabe.

Nyengo yosankha fodya tinkalowa m'shedi m'mamawa, masamba akadali ofewa ndi chinyontho, chifukwa dzuwa likakwera fodya amauma n'kumafumbutuka m'manja. Tinkakhala pansi m'mizere, ofiirira uku, akuda uku, ong'ambika uko. Kapitawo wathu anali munthu wodana ndi phokoso. Ankati munthu akamayimba maso ake sakhala pa tsamba. Akamva wina akuyimba kapena kuseka ankamutulutsa panja, ndipo banja la wotulutsidwayo linkadziwa kuti phoso la mwezi umenewo lidzavuta kulandira. Mnzangayu pakamwa pake sipankatha kukhala popanda nyimbo, choncho anaphunzira kuyimba moti amve ndi anthu awiri okha, amayi ake kumanja, ine kumanzere. Kapitawo akamayandikira, nyimbo inkatsika mpaka kutsala mpweya wokha. Akadutsa inkakweranso pang'ono, osaduka.

Anthu ophunzira a pawayilesi tsopano amafotokoza kayimbidwe kake ndi mawu akuluakulu, akuti anatengera oyimba zachikondi a kunja. Ndimawamvera chisoni. Mudzamvetsere nyimbo yake iliyonse: chapakati mawu amatsika mwadzidzidzi, gitala n'kutsala yokha, kenaka mawu aja amabwereranso pomwe anasiyira. Pamenepo ndi pamene akudutsa kapitawo. Samaliza mzere ndi kukuwa ngati anzake, amangousiya ugwe wokha. Mawu a m'nyimbo zake ndi a zinthu zimene tinkagwira ndi manja. Pali ina imene mwamuna akuchonderera mkazi wake kuti alankhule naye m'mamawa akadali wofewa, chifukwa masana akauma afumbutuka. Atsikana a m'tauni amaiyimba atatsinzina, dzanja lili pamtima, osadziwa kuti akuyimba za tsamba la fodya. Ine nyimbo imeneyo imandiliza, ndipo sindichita nazo manyazi.

Atakula anapanga gitala ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, n'kuyamba kubwera nayo pasenta tsiku la msika. Anthu athu anamulandira monga amadziwira kulandirira zawo. "Ukuyimba kapena ukudandaula?" ankamufunsa. Ena ankati apite nazo kwa amayi oyamwitsa akagonetsere ana. Anamupatsa dzina loti wonong'ona. Pa ukwati wina anamulola kuyimba, koma anamulanda maikolofoni nyimbo isanafike pakati, ati akupha pelekanipelekani. Wometa yemweyu, nthawiyo akumetera pansi pa mtengo ndi lumo, anamuuza pagulu kuti, "Obwera inu mukanamadya phoso lokwanira, bwenzi mawu akutuluka." Anthu anaseka chikhakhali. Amayi a mnzangayo anali pomwepo, atanyamula mphika wa mpunga wa akwati.

Mvula isanagwe chaka chimenecho anawoloka malire kupita ku Chipata. Anayamba ndi kusenza katundu, kenaka kuyimbira gitala magulu a m'matchalitchi, kenaka wina wokhala ndi situdiyo anamumva. Izi ndinkazimva kwa amayi ake, amene anali atachoka pa esiteti n'kukhala pa kamalo kobwereka kumapeto kwa mudzi. Mwana wawo ankawathandiza, nthawi zina ankabwera mwakachetechete n'kubwerera mawa lake, koma pasenta sankapondapo.

Patapita zaka, amayi a geni ya zitenje anayamba kubwera ndi nyimbo zatsopano m'mafoni. Wobena nyimbo pasenta anaziika m'gulu la za ku Zambia, ndipo sindimunena, chifukwa woyimbayo anali atatenga dzina lina, nkhope yake panalibe, ndipo wa situdiyo uja anamuwazira timawu ta kumeneko. M'malo moti tsopano ankati manje, m'malo moti kwambiri ankati maningi. Timawu tiwiri timeneti ndi timene senta yonse inapenga nato. Akabaza ankaziliza, m'minibasi zinali zomwezo, pa ukwati uliwonse mkwatibwi ankalowa ndi nyimbo ya m'mamawa ija. Wometa, amene tsopano anali ndi shopu ndi sipika, ankaphunzitsa makasitomala ake. "Mwamva kufatsa kwakeko? A ku Zambia amadziwa kuyimba. Osati athu akunowa, kukuwa ngati akuitana ng'ombe."

Ine ndinamuzindikira tsiku loyamba lomwe. Ndinali kusoka yunifolomu, nyimbo ikulira kwa wobena uja, ndipo chapakati mawu anatsika, gitala n'kutsala yokha. Phazi langa linaima lokha pa makina. Ndinawauza kuti uyu ndi wonong'ona uja. Anandiseka. "Amayi inu, obwera nonse mumafuna kukhala ndi m'bale wotchuka," anatero wometa. Mtima unandiwawa, koma ndinabwerera pa makina anga. Kukangana ndi munthu amene wasankha kusamva n'kutaya mate.

Ndinatenga foni n'kupita nayo kwa amayi a woyimbayo. Makutu awo anali atayamba kutha. Anaiika pakhutu, anaitembenuza, anaiikanso, kenaka anandibwezera. Ndinawafotokozera kuti senta yonse ikuyimba nyimbo za mwana wawo. "Akudziwa kuti ndi wanga?" anandifunsa. Ndinati ayi. Pamenepo anati, "Ine sindifuna zambiri, mwananga. Ndidzangoona anthu aja anamulanda maikolofoni akumuombera m'manja, akudziwa kuti ndi mwana wa ine wa ku esiteti. Ndikadzaona zimenezo, basi." Kuyambira tsiku limenelo ndinkaopa kuti mayiwa angamwalire asanazione.

Mwayi unabwera ndi mkulu wina wa bizinesi amene ali ndi holo kuseri kwa malo ake ogona alendo. Anamuitanitsa woyimbayo kuti adzayimbe Loweruka lina masana. Mapepala anamatidwa pa mitengo yonse, olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti kuchokera ku Zambia. Mkuluyo choonadi ankachidziwa, ndipo anamuuziratu woyimbayo kuti, "Akulu, pano mulankhule chi Zambia basi. Anthu akubwera kudzaona munthu wa ku Zambia."

M'mawa wa Lowerukalo woyimbayo anafika pakhonde panga. Anali atanenepa, atasunga ndevu, atavala chipewa ndi magalasi akuda. Anthu anamuunjirira. Wometa anasiya munthu atametedwa mbali imodzi, n'kudzamugwira chanza ndi manja awiri. "Muli bwanji ba bosi, tikukondani maningi kuno," anatero, akupinda lilime kuti limveke la kutsidya. Anajambulitsa naye, tsaya kutsaya. Ine ndinatsala pang'ono kumeza singano. Gulu litachepa, woyimbayo anawerama ngati akuyang'ana nsalu, n'kundinong'oneza, "Achemwali, mukawatenge amayi. Mukawakhazike kutsogolo."

"Achimwene, mukufuna kutani?" ndinamufunsa.

"Mukawatenge basi," anatero.

Ndinali nditawasokera kale diresi ya chitenje chobiriwira. Ndinawaveka, ndinawamanga duku, tinakwera kabaza. Holo inali itadzaza mpaka m'mawindo. Titakhala kutsogolo ndinamva ena kumbuyo kwathu akung'ung'udza kuti gogo wa ku esiteti akufunanji pa mpando wa anthu. Mayiwo sanamve, ndipo tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha makutu awo.

Woyimbayo anayamba ndi nyimbo za manje ndi maningi zija. Sindinaonepo anthu athu atafatsa chotero. Amuna amene pa ukwati uja ankakuwa kuti achoke anali atapinda manja, mitu ikugwedezeka. Mawu akatsika holo yonse inkagwira mpweya, akabwerera amayi ankaliza nthungululu. Iye ankayimba atakhala pa mpando, osavina, osatuluka thukuta, gitala ili pa bondo. Amayi ake sankayang'ana mwana wawo. Anatembenuka pa mpando n'kumayang'ana manja a anthu.

Atamaliza nyimbo ina, mwana wawoyo anaika gitala pansi, anavula magalasi, anavula chipewa. Analankhula Chichewa chathu chomwechi, chopanda manje. "Ine si wa ku Zambia," anatero. "Ndinabadwira pa esiteti ija kumtunda kwa Ludzi. Awa akhala apawa ndi amayi anga. Nyimbo zimene mwakhala mukuombera m'manjazi ndinayamba kuziyimba m'shedi, ndikusankha fodya pambali pawo."

Ndinawagwira dzanja mayiwo kuti aimirire anthu awaone, ndipo anaimirira, akukonza duku. Kenaka mawu anachokera kumbuyo. "Si wonong'ona uja ameneyu?" Wina anaseka, wina anati atipusitsa, wina anati anali akudabwa kale kuti munthu wa ku Zambia angabwere bwanji pa minibasi. Mipando inayamba kukwekwereka. Wometa anali m'gulu loyamba kutuluka, akuuza aliyense kuti iye khutu lake linamva kalekale kuti mawuwo akuperewera penapake. Nyimbo zinali zomwezo, khosi lomwelo, gitala yomweyo imene inawaliza mphindi zochepa zapitazo. Chimene chinasintha n'chakuti anadziwa kumene anabadwira. Mwini holo anapsa mtima, anapita kukazimitsa masipika.

Sikuti onse anatuluka. Anatsala amayi angapo, ndi matenanti amene anaima kumbuyo chifukwa anafika mipando itatha. Koma aja amene mayiwo anabwera kudzawaona, a pa ukwati aja, panalibe ndi mmodzi yemwe.

Woyimbayo anatsika ndi gitala yake, anakoka mpando n'kukhala pambali pa amayi ake. Ndinangozindikira kuti takhalanso monga kale, iwo kumanja, ine kumanzere. Anayamba nyimbo ya m'mamawa ija popanda maikolofoni. Matenanti aja anasendera pafupi, ena anakhala pansi pa simenti. Mayiwo anapendeketsa mutu, khutu lili pafupi ndi pakamwa pa mwana wawo. Nyimbo itafika pakati, mawu anatsika monga mwa masiku onse, mpaka kutsala mpweya wokha. Mayiwo anamugwira bondo.

"Mwanawe, kweza mawu," anatero. "Kapitawo uja anamwalira kalekale."

Woyimbayo anaseka, misozi ili m'maso, ndipo anayesa. Ndinaona mitsempha ikutuluka pakhosi pake. Mawu anakana kukwera. Anaimaliza nyimboyo monga ankaimalizira m'shedi, ndipo sindikudziwa ngati amayi ake anaimva yonse.

Pobwerera mayiwo anakana kabaza, anati tiyende. Tinadutsa pa shopu ya wometa, pamene sipika inali itazimitsidwa koyamba chaka chimenecho, anthu ataima m'timagulu akutiyang'ana. Titapitirira msika, mayiwo anandikoka mkono.

"Anaomba m'manja eti? Ndinaona manja."

"Anaomba, amayi," ndinatero mokweza kuti amve.

Anayenda pang'ono, akuyang'ana pansi. "Asanadziwe," anatero.

Anamwalira mvula yotsatira, mawayilesi a ku Lilongwe asanayambe kumutchula mwana wawo. Diresi yobiriwira ija ndi imene tinawaveka.