Kanyali Kofiira ka Pakhomo pa Bafa

Ku Moatize munthu safuna madzi otentha. Dzuwa la kumeneko limawawiritsa ali mumpopi momwemo. Koma ine, nditangoyamba ntchito yoyendetsa galimoto kumgodi wa malasha, ndinagula shuveru, kachipangizo kamagetsi komangirira kumpopi wa m'bafa kuti madzi azitsika ofunda. Ndinkati ndagulira mkazi wanga, amene anali woyembekezera, masiku atayandikira. Komanso, ndisaname, ndinkafuna kuti apongozi anga akabwera kuchokera ku Zóbuè aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Mawaya ndinalumikiza ndekha. Kunja kwa bafa, pafupi ndi chitseko, ndinaika swichi yokhala ndi kanyali kofiira, koti kaziyaka shuveru ikalandira magetsi. Nditayatsa, madzi anatsika ofunda bwinobwino. Nditazimitsa, madzi anazizira, koma kanyali kanangokhala psuu. Ndinayatsa, ndinazimitsa, ndinakamenya ndi chala. Aaa, kanakana! Ndinati bola madzi akutentha, kanyaliko ndidzakaona Lamlungu.

Apongozi anafika mawa lake pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, atanyamula mbatatesi ndi nyemba. Anali mayi wamfupi, wa mawondo a nyamakazi, amene nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi ana ali kumbuyo, nabwerako ndi mphika umodzi. Tsikulo magetsi anali atazima dera lonse. Ndili pakhonde, ndinamva mkazi wanga akuwaonetsa nyumba.

"Amayi, bafa ndi chimbudzi zili m'chipinda chimodzi muno. Mukaona kanyali aka kayaka, musalowe, ndiye kuti bambo ali m'katimo. Kakazima, lowani musambe, madzi ake ndi ofunda, mawondowo amva bwino."

Mkazi wanga ankakadziwa kanyali kotere kunyumba ina kumene anagwirako ntchito, ndipo kumeneko kankazima. Ine ndinamva mawuwo, sindinawaike pamtima. Madzulo ake matenda anayamba, tinathamangira kuchipatala ku Tete, mwana anabadwa kudzera pa opaleshoni. Mayi ndi mwana anawasunga komweko, ndipo kuwodi kwawo sankalola wodikirira kugona.

Ndiye panyumba tinatsala awiri, mkamwini ndi apongozi. Amene anakulira kwathu akudziwa kuti zimenezo ndi zotani. Sitiyang'anana m'maso, sitidyera pamodzi, sitipitirirana pamalo opanikiza. M'mawa ndinkagwada patali, nkhope nditatembenuzira kumbali.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka, bambo, kaya inu."

Basi, nkhani yatha. Iwo ankaphika chakudya cha wodwala, kundisiyira pampando, ine n'kunyamula kupita nacho ku Tete.

Ndinaona zinthu, ndipo zimenezi ndi zimene zimandidya mpaka lero. Ndinaona kuti sopo amene ndinawagulira sanachoke m'pepala lake. Ndinaona beseni kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la nkhuku, nthaka itanyowa. Kuseriko kunalibe mpanda, ndipo fumbi la malasha limatera pamadzi usanamalize n'komwe kusamba. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinawaona akutuluka pakhomo pa mnansi wathu, akutsimphina, atagwira khoma. Ndinazindikira kuti ankapempha chimbudzi kumeneko.

Mukuganiza kuti ndinamva chisoni? Ayi, ndinapsa mtima! Ndinauza anzanga kuntchito kuti anthu akumudzi ngovuta, uwagulire shuveru iwo akufuna beseni la kukhola. Tinaseka. Ndinati mwina akunyansidwa kusamba posambira mkamwini, chabwino, nawonso ndi akulu. Kufunsa sindikanafunsa, chifukwa mkamwini angatsegule bwanji pakamwa kufunsa apongozi ake kumene amasamba? Tsiku lililonse ndinkadutsa pakanyali kaja, kali psuu, osakaona n'komwe.

Mkazi wanga atatuluka m'chipatala, apongozi anamuthandiza masiku ochepa chabe, akumutenthetsera madzi pambaula n'kumusambitsira kuchipinda, kenaka anati akupita. Tinawachonderera, mwana anali asanagwe mchombo. Iwo anati munda ukuwadikira. Munda wanji m'chilimwe? Anakwera shapa akutsokomola.

Pambuyo pake mkazi wanga anayamba kuyenda yekha m'nyumba. Anaima pakhomo pa bafa, anagogoda, ine ndikumuyankha kuchokera pabalaza.

"Nanga kanyalika kayakiranji, muli uko?"

"Sikazima kameneko. Kanangotero chiikireni."

Anadzigwira pamutu. "Mayo ine! Ndiye amayi ankasamba kuti?"

Mawu aja ndinawamva pakhonde anandibwerera onse. Ndinakhala pansi.

Ndinaitana mesitiri wa magetsi. Anatsegula swichi, n'kundionetsa kuti waya wobwera ndi magetsi ndinauika pamalo a waya wopita kushuveru, ndiye kanyali kankalandira moto nthawi zonse. Anawasinthanitsa, anamanga, anazimitsa. Kanyali kanazima. Ntchito yonseyo inatha tiyi amene tinamupatsa asanazizire.

Mwana atalimba tinapita naye ku Zóbuè. Kumeneko n'kumapiri, mphepo yake imalowa m'mafupa. Ndinakhala pansi pa mtengo wa pichesi, mkazi wanga ali ndi amayi ake kukhitchini ya udzu, ndipo ndinkamva zonse. Anawafotokozera za mawaya aja. Apongozi anamvetsera, kenaka anayankha motsitsa.

"Poyamba ndinkati bambo ali m'katimo, ndinkadikira. Kenaka ndinawaona akupita kuntchito, nyaliyo ikuyakabe. Ndinati ohoo, andisiyira dala kuti ndidziwe kuti malowo si anga. Pakamwa sangandiuze, ndi mwana waulemu. Nyumba ndi yawo, ine sindinawaipire mtima."

Ndinalakalaka akanandikalipira. Ndinapempha mkazi wanga kuti awauze kuti ndalakwa, kuti abwerenso, kuti kanyali katha. Iwo anaseka pang'ono, anati zamveka, adzabwera mawondo akalola. Mawondowo sanalole. Ku Moatize sanapondekonso mpaka tinawaika m'manda.

Koma pa ulendo uja wa ku Zóbuè, m'mawa wa tsiku lotsatira, kunja kuli nkhungu, mkazi wanga anandidzutsa kuti madzi ali kubafa. Bafa lake linali la udzu, lokhala ndi miyala yopondapo. Ndinapeza beseni likufuka nthunzi, pambali pake pali sopo uja wa ku Moatize, adakali m'pepala. Madziwo apongozi anakatunga okha kudambo ndi mawondo awo aja, anakana kuti wina awathandize.

Ndinakoleka malaya pampanda kuti anthu adziwe kuti muli munthu. Ndinamva akuuza mwana wawo chapatali kuti, "Auzeni bambo asafulumire, akatha tiwonjezera ena."

Ndinanyowetsa nkhope msangamsanga kuti ndikatuluka asaone kuti ndinalira. Madziwo anali ofunda bwino kwambiri.