Tsamba la Nthochi la Zoila

Zoila Benzaquen ndi ine makomo athu ndi oyang'anizana muno mu Ramla, tauni ya m'dziko la Ayuda, ndipo m'nyumba yathu yosanjayi palibe amene amafuna wotchi. Wailesi yake ikayamba kulira, ndiye kuti kwacha. Ndi mayi wamfupi, wakhungu lofiirira, wamaso aang'ono, ndipo akaseka anthu amatembenuka mpaka kokwerera basi. Amaphikira ana kusukulu ya mkaka.

Anabadwira ku Iquitos, m'nkhalango za ku Peru. Agogo ake aamuna anachoka ku Moroko kukasaka mphira. Mphira anatha, iwo osabwerera, poti anali atapeza mkazi wa kumtsinje komweko. Dzina la Benzaquen linatsala, koma nkhope inatsata kuchikazi. Pamene Zoila ankafuna kusamukira kuno, a Rabi anati Chiyuda chimayenda ndi mayi osati bambo, choncho, kuti akhale Myuda weniweni, anamumiza m'nyanja ya kwawoko ali kale ndi mwana kumsana.

"Ine ndine Myuda kawiri, achemwali," amatero pondiseka. "Inu kamodzi kokha, osasamba n'komwe."

Akunena zoona. Ine Graciela ndinachokera ku Argentina, khungu langa ndi loyera ngati ufa, kusunagoge ndimapondako kukakhala ukwati basi, koma palibe anandifunsapo kuti ndine yani. Zoila amayatsa makandulo a Sabata Lachisanu lililonse, koma pamsika amamufunsa kuti amasamalira nkhalamba ya ndani, poganiza kuti ndi mmodzi wa atsikana antchito ochokera ku Filipini. Ine zimandipsetsa mtima mpaka kutukwana. Iye amangoti, "Nkhalamba yake ndine ndemwe," n'kusankha tomato wake.

Mwana wake Noemi anagwa m'chikondi ndi Eliran, makaniko wa banja la Ohayon, Ayuda a ku Moroko enieni. Zoila anavala bwino kukadziwana ndi mayi a mnyamatayo, Mayi Sultana. Atagogoda, Mayi Sultana anamuyang'ana kamodzi n'kumupatsa chokolopera.

"Mwachedwatu. Agogo ali kuchipinda, mukatha apa mukawapese."

Wina akanalira. Zoila anakolopa khonde, anawapesa apongozi a Mayi Sultana mpaka nkhalambayo kuyamba kuyimba, kenako anatuluka n'kunena kuti, "Ndamaliza, mayi. Tsopano tikambe za ana athu. Ine ndine mayi ake a Noemi."

Pondifotokozera tinaseka mpaka misozi. Koma manyazi amabala mkwiyo. Mayi Sultana anauza mwana wawo kuti anthu awa si Ayuda, ukwati palibe. Noemi anasiya kudya, ndipo wailesi ija inangoti zii sabata yathunthu. Ndinachita mantha.

Kenako inafika Mimuna, madzulo amene Paska amatha. Tsiku limeneli a ku Moroko amasiya zitseko zotsegula, ndipo mlendo sabwezedwa ngakhale akhale mdani. Ndinangomva chitseko changa gugugu!

"Achemwali, valani nsapato. Tikupita kwa a Ohayon."

Anali Zoila, ali m'diresi lofiira, paphewa atanyamula tsamba la nthochi lalitali kuposa iyeyo, lodula pa nthochi imene anadzala kuseri kwa nyumba.

"Nanga chimenecho n'cha chiyani?"

"Yendani, mafunso ngati wapolisi bwanji?"

Tinadutsa msewu wonse, tsamba lili pekupeku, magalimoto akutiyimbira mabelu, Zoila akuwabayibitsa ngati mkwatibwi. Noemi ankatitsata patali atabisa nkhope.

Kwa a Ohayon kunali kosaponda phazi. Patebulo panali ufa, uchi, ndi mufleta, zitumbuwa zopyapyala zotentha zopaka batala. Mayi Sultana ankazungulira ndi mbale ya mkaka, akuviika tsamba la letesi n'kukhudza alendo pamphumi powadalitsa, monga mwa mwambo wawo. Atafika pa ife anandikhudza ine, munthu wosamudziwa n'komwe, n'kumulumpha Zoila. Magazi anga anawira, ndipo ndinali nditatsegula kale pakamwa.

Zoila ananditsina. Anaviika nsonga ya tsamba lake m'mbale ija, n'kulikweza ndi manja awiri. Phwa! pamphumi pa Mayi Sultana.

"Tirbehu u tisadu!" anafuula. Ndiwo mawu akale a dalitsolo, oti mupindule ndipo mukondwe.

Nyumba yonse inangoti kakasi. Mkaka unkayenderera m'nsidze za Mayi Sultana. Woyamba kuseka anali nkhalamba yopesedwa ija, mpaka mano oyikirira anagwera pamiyendo.

"Anakuphunzitsani ndani zimenezi?" anafunsa Mayi Sultana.

"Bambo anga. Iwo anaphunzira kwa bambo awo, a Benzaquen a ku Tetuan, ku Moroko. Kwathu kunkhalango letesi samera, ndiye chaka chilichonse amatikwapula ndi ichi, zitseko zili pululu, udzudzu ukulowa. Oyandikana nafe ankati ndife amisala."

"Iii, abale! Ndinu athu! Bwanji simunanene? Eliran, bwera kuno! Chibale ndi fupa, sichiwola!"

Mayi Sultana anatambasula manja. Ine ndinali nditayamba kale nthungululu. Koma Zoila anabwerera m'mbuyo, ndipo pa zaka zonse zimene ndakhala naye, aka kanali koyamba kumuona nkhope ilibe chiseko.

"Dikirani, mayi. Apa mwalonjera agogo anga aamuna. Agogo anga aakazi akadali panja. Nkhope iyi ndi yawo, ndi yomwe ija munaipatsa chokolopera. Adzukulu anu adzabwera nayo. Mudzawalumpha nawonso?"

Ndinamva chisoni, chifukwa ndinazindikira kuti kuseka konse kuja pamsika kunali ndi ululu pansi pake. Noemi anali pakhomo, wowonda, atagwira chitseko. Mayi Sultana anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali. Kenako anaponya letesi patebulo, analanda tsamba la nthochi lija, analimiza mumkaka, n'kumupaka Zoila nkhope yonse, masaya, maso, ndi mphuno yomwe.

"Asewere," anatero, "lowani nonse awiri, inu ndi agogo anu aakaziwo."

Zimene zinatsatira sindingazilongosole bwino. Tsamba linang'ambidwa zidutswazidutswa, aliyense akukwapula mnzake, amalume ena anaterereka pa mkaka n'kudzuka akuvina. Zoila anatulutsa nthochi zokazinga m'chikwama, analamula kuti ayike nyimbo za kwawo, ndipo Mayi Sultana anaphunzira kugwedeza chiuno tsiku lomwelo. Noemi anadya mufleta ngati wochokera kundende.

Ukwati unachitika, ndipo chaka chatha kunabadwa kamtsikana. Nkhope ndi ya Zoila ndendende, ya kumtsinje. Wailesi imatidzutsabe.

Lachisanu lapitali ndinakumana ndi Mayi Sultana pamsika akukankha kangolo ka mwanayo, mutu uli m'mwamba. Wogulitsa masamba wina anasuzumira.

"Kokongolatu! Ndi ka wantchito wanu?"

Mayi Sultana anaimitsa kangolo. Anasankha letesi wamkulu kuposa onse patebulo la bamboyo, wonyowa bwino, n'kumuwomba naye pamphumi.